Hosi ikafa, thirela imakokedwa ndi ina: mmene timayendera ndi ofesi m'laputopu

Nkhani ya laputopu yakhala ikubwerabwera muno. Wina akuti yake yabedwa ili ndi mabuku onse a ngongole, wina akuti yagwidwa ndi vairasi atakapulintitsa mapepala pa boda, winanso akufunsa ngati agule yachiwiri kuti ina ikhale ya ntchito, ina ya panyumba. Ife tili ndi kanjira kathu kamene takhala tikuyendera, ndiye tati tifotokoze kamodzi bwinobwino m'malo moyankha mmodzimmodzi. Nkhaniyi ndi yaitali, isungeni mukawerenge muli pamzere, poti pamzere nthawi siisowa.

Ndife anthu atatu a banja limodzi. Timatenga katundu ku Johannesburg kudzera pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Mwanza, ndipo nthawi zina ku Dar es Salaam kudzera pa Songwe. Za makompyuta sitinaphunzire kusukulu, tinangozolowera ndi ntchito. Tili ndi laputopu imodzi yoyenda nayo, ndipo moyo wa bizinesi yathu uli mmenemo: ma invoisi, mndandanda wa katundu, mayina a amene tili nawo ngongole ndi amene ali ndi ngongole kwa ife, zithunzi za mapasipoti, mapepala a galimoto, Yellow Card ya COMESA, ndi pulogalamu yowerengera ndalama. Katundu wa m'thiraki akabedwa umadziwa mtengo wake. Koma zimenezi zikasowa sudziwa n'komwe kuti wataya zingati, chifukwa chimene chikanakuuza ndi chomwe chasowacho.

Chimene timachita ndi ichi. Ntchito yonse timaiika m'kompyuta ina imene ili mkati mwa laputopuyo. Dzina lake ndi virtual machine, mwachidule VM. Pali pulogalamu imene imagawa mphamvu za laputopu yanu n'kupanga kompyuta yachiwiri, yokhala ndi Windows yakeyake, mapulogalamu ake ndi mafayilo ake. Mukaitsegula imaoneka ngati zenera pa sikirini, ndipo mkati mwa zeneralo Windows ina imayaka monga iyakira pa kompyuta ina iliyonse. Mukaizimitsa, kompyuta yonseyo imangokhala foda imodzi yokhala ndi fayilo yaikulu, imene mungathe kuikopera kwina ngati mmene mumakoperera filimu.

Kwa inu madalaivala zimenezi n'zosavuta kumva. Laputopu ndi hosi, VM ndi thirela. Katundu sakhala m'hosi. Hosi ikafera pa Tete simutsitsa matumba onse kuti muyambe kupakira mwatsopano, mumangomasula thirela, pabwere hosi ina ikoke. Anthu ambiri amaika mapulogalamu a ntchito molunjika m'laputopu, ngati munthu wowotcherera thirela ku hosi. Tsiku limene laputopuyo yafa, ngakhale atakhala kuti anasunga mafayilo ena pa fulashi, amayenera kufunafuna pulogalamu yowerengera ndalama, nambala ya laisensi yake, mapasiwedi, ndi wina wodziwa kuzikhazika zonsezo mmene zinalili. Masiku amapita. Pamene akupita, thiraki yaima, dalaivala akudya ndalama za panjira, kontena ikuwerengeredwa ndalama ku doko la Beira kapena Dar es Salaam, ndipo kasitomala wayamba kufunsa kwa ena.

Ulendo wina laputopu yathu inazima osayakanso tili ku Musina, katundu atapakiridwa kale, ejenti akudikira invoisi yokonzedwa ndi mndandanda wa katundu. Okonza atayitsegula anati board yapsa. Kope ya VM inali pa SSD yaing'ono imene imayenda m'chikwama china. Tinabwereka laputopu kwa m'bale wathu wokhala kumeneko, tinaikamo pulogalamu yoyendetsera VM, tinakopera foda ija, ndipo ofesi yathu inayaka ndi zonse zili m'malo mwake. Zosowa zinali za masiku atatu okha chikopereni, ndipo tinazilembanso kuchokera pa malisiti. Mapepala anafika kwa ejenti tsiku lomwelo. Titafika kunyumba tinasintha mapasiwedi onse, poti tinawalemba pa laputopu ya eni, ndipo chifukwa chake muchimva pansipa.

Inu ma ejenti muli ndi chifukwa chinanso. ASYCUDA World, pulogalamu ya kasitomu yopangidwa ndi UNCTAD imene amagwiritsa ntchito a MRA, a ZRA ndi a ZIMRA, ndipo ku Congo amaitchula kuti SYDONIA, imayendera Java. Amene mumaitsegula tsiku ndi tsiku mukudziwa kuti chinthu chimodzi chikasintha pa kompyuta ikhoza kukana kuyaka. Ife sitilowamo, poti n'za okhala ndi chilolezo, koma katundu wathu sadutsa ngati yanu yakana. M'VM mumaikhazika kamodzi ndi zonse zimene imafuna, ndipo palibe mwana amene adzaikemo gemu n'kuisokoneza. Mozambique ili ndi Janela Única Electrónica, Tanzania ili ndi TANCIS, South Africa ili ndi njira yake ya SARS. Aliyense ali ndi zofuna zake, ndipo kukhala ndi malo amodzi osagwidwagwidwa kumachepetsa mutu.

Tsopano za laputopu yoyenera. Chachikulu ndi RAM, chifukwa makompyuta awiriwo amagawana imodzi yomweyo. Windows 11 payokha imafuna RAM yosachepera 4GB ndi malo osachepera 64GB. Ngati laputopu yanu yonse ili ndi 4GB, musayese n'komwe, mudzakhala ngati mwakweza matani 30 pa kathiraki ka matani 7. Ya 8GB imayesetsa, koma modzikoka. Ya 16GB ndiyo imayenda bwino. Lamulo lathu ndi loti VM tisaipatse kupitirira theka la RAM ndi theka la ma core a purosesa, chifukwa hosi nayo imafuna mphamvu yokokera. Yathu ili ndi 16GB, ndipo VM timaipatsa 8GB.

Chachiwiri ndi diski. Pezani ya SSD. Diski yakale ija ya HDD ili ndi timbale tozungulira ndi kasingano mkati, imachedwa ndipo siigwirizana ndi mabampu a m'misewu yathuyi. SSD ilibe chozungulira. Malaputopu a kaunjika a m'maofesi, monga ThinkPad, Latitude ndi EliteBook, ambiri amalola kuwonjezera RAM ndi kusintha diski, koma alipo ena amene RAM yake inawotchereredwa ku board. Funsani musanapereke ndalama, safunsa anadya phula. Muli m'shopu momwemo dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, pitani pa Performance kenako pa CPU, muone ngati palembedwa kuti Virtualization: Enabled. Pakalembedwa Disabled, imayatsidwa mu BIOS, pamene pali dzina loti Intel Virtualization Technology kapena SVM ngati purosesa ndi ya AMD. Wogulitsayo akuyatsireni muli pomwepo.

Mapulogalamu oyendetsera VM alipo angapo. Ife timagwiritsa ntchito VirtualBox ya kampani ya Oracle, imene ndi yaulere. Kuyambira pa mtundu wake wa 7.0, umene unatuluka mu October 2022, imatha kupereka TPM 2.0 imene Windows 11 imafuna. Ili ndi chowonjezera chotchedwa Extension Pack, koma chimenecho ndi chaulere kwa ogwiritsa ntchito pa zawozawo, a bizinesi amayenera kulipira, ndiye ife tinangochisiya ndipo ntchito ikuyenda. Ina ndi VMware Workstation Pro, imene eni ake a Broadcom anaimasula kukhala yaulere ngakhale pa bizinesi mu November 2024. Amene muli ndi Windows Pro muli kale ndi Hyper-V mkatimo, koma mu Windows Home mulibe. Iliyonse imene mwasankha, itengeni pa webusaiti ya eni ake. Ya pa fulashi ya mnzanu simudziwa kuti yadutsa kuti.

Amene mumakonda MacBook zatsopano za purosesa ya M1 kupita m'tsogolo, dziwani kuti hosi imeneyo ili ndi chokolowekera china. Imayendetsa Windows ya mtundu wa ARM kudzera pa Parallels, VMware Fusion kapena UTM, ndipo VM yopangidwira laputopu ya Intel kapena AMD simungangoikopera n'kuyaka bwinobwino. Kwa munthu woyenda, ubwino wa VM uli poti tsiku la tsoka hosi yobwereka ipezeke msanga. Pa Mwanza, Mchinji kapena Nakonde, laputopu wamba ya Windows ndi imene mungaipeze kwa mnzanu.

Za laisensi tinene zoona. Windows imene inabwera ndi laputopu ndi ya hosi. Ya mkati mwa VM imafuna laisensi yakeyake. Tikudziwa kuti m'tauni muli anyamata amene amaitsegula ndi timapulogalamu tokuba pa mtengo wa fanta, koma timapulogalamu timeneto ndi njira yodziwika yolowetsera mavairasi, ndipo muzitiika m'chipinda momwe muli mapasiwedi a ku banki. Mukasamutsa VM kupita pa laputopu ina, Windows ikhoza kufunsanso za laisensi, koma imapitiriza kugwira ntchito moti mapepala a tsikulo mumatulutsa. Kumbukiraninso kuti Microsoft inasiya kusamalira Windows 7 pa 14 January 2020, ndi Windows 10 pa 14 October 2025. Ngati muli ndi pulogalamu yakale yowerengera ndalama imene imangoyaka pa Windows yakale, VM ndi malo abwino oisungiramo, bola muidule ku intaneti kuti isamalowe ndi kutuluka kalikonse.

Apa pakubwera mfundo imene ambiri amaiphonya, ndipo ngati muiwale zina zonse gwirani iyi. Hosi imaona zonse za m'thirela. Chilembo chilichonse chimene mukulemba m'VM chimayamba chadutsa pa laputopu yeniyeniyo. Ngati hosi ili ndi vairasi yojambula zimene mukudina, pasiwedi ya ku banki yapita ngakhale mwailembera mkati mwa VM. N'chifukwa chake tinasintha mapasiwedi titabwera ku Musina kuja. Ngati yalowa vairasi yotseka mafayilo n'kumafuna dipo, monga WannaCry imene inavutitsa dziko lonse mu May 2017, fayilo ya VM nayo imatsekedwa limodzi ndi zithunzi za ukwati. Khoma la VM ndi lolimba poletsa zoipa za mkati kutuluka, koma ndi lofooka poletsa zoipa za pa hosi kulowa. Siilo ya pa kontena siithandiza ngati wakuba ndi amene wagwira chiwongolero.

Ndiye kuika ntchito m'VM si chilolezo choti pa hosi pazichitika chilichonse. Pa hosi yathu tinaikapo Linux Mint, imene ndi yaulere, ndipo mavairasi ambiri oyenda pa mafulashi, opangidwira Windows, sayakapo. Pamenepo timaonera mafilimu, kumvera nyimbo ndi kuyang'ana Facebook. Amene simukufuna kuphunzira Linux khalani pa Windows yomweyo, koma ikhale yovomerezeka, yolandira ma update, yopanda mapulogalamu okuba. Ana ndi alendo apatseni akaunti yawo ya Standard imene siitha kuika mapulogalamu. Ya Administrator ikhale ya inu nokha.

Tilinso ndi VM yachiwiri yaing'ono imene timaitchula kuti dzala. Mulibe chilichonse chaphindu. Fayilo yochokera kwa munthu wosamudziwa, yonena kuti ndi quotation kapena umboni woti ndalama zalowa, timaitsegulira mmenemo. Tikamaliza timaibwezera mmene inalili, ndipo chilichonse chimene chinalowa chimafafanizika. Za mafulashi a m'mashopu opulintira a pa boda mukuzidziwa. Kompyuta imodzi imalandira mafulashi a anthu onse a pamzere, ndipo vairasi ija yobisa mafoda n'kusiya ma shortcut imayenda ngati chimfine. Ife timatumiza PDF pa WhatsApp kapena pa imelo, apulinte, kenako timapempha kuti afufute tikuona, makamaka ngati ndi pasipoti. Fulashi ikalowa m'kompyuta ya eni siilowanso m'VM ya ntchito.

Pali timabowo tiwiri timene VirtualBox imalola kuti muboole pakhoma: Shared Folders, yopatsirana mafayilo pakati pa hosi ndi VM, ndi Shared Clipboard, yokopera mawu uku n'kumata uko. N'tothandiza, koma bowo ndi bowo. Ife tili ndi foda imodzi yokha yopatsirana, imene imakhala yopanda kanthu nthawi zambiri. Musatsegulire VM diski yonse ya laputopu. Ndipo dzala lisakhale ndi bowo lililonse.

Tibwere pa snapshot, chifukwa apa anthu amadzinamiza. Snapshot ili ngati chithunzi cha VM pa mphindi imeneyo. Musanaike update kapena pulogalamu yatsopano mumajambula, ndipo zikasokonekera mumabwerera pa chithunzicho m'kanthawi kochepa. Ndi chinthu chabwino kwambiri. Koma snapshot imakhala pa diski yomweyo ya laputopu. Ili ngati tayala la sipeya: limakupulumutsani tayala likaphulika, koma thiraki ikapsa kapena kubedwa, sipeya wapita nayo limodzi. Komanso mukabwerera pa chithunzi chakale, zonse zimene munalemba pambuyo pake zimafafanizika. Musasunge ma snapshot ambirimbiri, amadya malo ndipo amachedwetsa.

Chopulumutsa chenicheni ndi kope imene ili kunja kwa laputopu. Timazimitsa VM kotheratu, kenako timakopera foda yake yonse pa SSD yakunja. Njira ina ndi Export Appliance, imene imamanga zonse m'fayilo imodzi ya OVA. Chenjerani ndi ichi: mafulashi ambiri amabwera ali pa FAT32, imene siilandira fayilo yoposa 4GB, pamene fayilo ya VM imafika ma GB makumimakumi. Diskiyo ikhale pa exFAT kapena NTFS. Makope athu ndi awiri. Ina imatsala kunyumba, ina imayenda nafe koma m'chikwama chosiyana ndi cha laputopu, chifukwa wakuba wa pa depoti amanyamula chikwama chonse. Tikamaliza kukopera timazula diskiyo nthawi yomweyo, poti vairasi yotseka mafayilo imagwira chilichonse cholumikizidwa.

Kukopera VM yonse timachita tisananyamuke ulendo uliwonse ndiponso tikabwerako. Zapanjira, monga ma invoisi atsopano ndi kafayilo ka backup ka pulogalamu yowerengera ndalama, ndi zazing'ono, ndipo timaziponya pa Google Drive madzulo aliwonse pamene pali netiweki. Akaunti yaulere imapereka 15GB, yokwana mapepala a zaka zambiri. Ndipo chonde, yesani kope yanu. Tengani diskiyo, pitani pa laputopu ya m'bale wanu wodalirika, muone ngati VM ikuyaka. Kope imene simunaiyesepo ili ngati jeke imene simunaikwezerepo galimoto. Chitani zimenezi muli kunyumba tsiku lopanda phuma, zengerezu adalinda kwawukwawu.

Kusavuta kunyamula kumene tikukuyamikiraku kuli ndi mbali yake yoopsa. Ngati inu mungathe kutenga ofesi yonse m'thumba, wakubanso angathe. Pasiwedi yolowera mu Windows siiteteza fayilo ya VM, munthu wodziwa amaitsegula pa kompyuta ina n'kuwerenga zonse, kuphatikizapo mapasipoti a madalaivala anu ndi manambala a makasitomala. Mankhwala ake ndi kukhoma diski yonse. Windows Pro ili ndi BitLocker, imene imakhomanso madiski akunja. VeraCrypt ndi yaulere ndipo imagwira pa Windows, Linux ndi Mac. Linux Mint imafunsa za kukhoma diski pamene mukuiika. BitLocker imapereka kiyi yopulumutsira ya manambala 48. Ilembeni papepala, mulisiye kunyumba kwa munthu amene mungamuimbire usiku. Mukataya pasiwedi ndi kiyi yomwe, palibe katswiri wa ku Limbe kapena ku Lusaka amene angakutsegulireni. Ndipo mukamasiya laputopu m'chipinda cha ku loji kapena m'kabini, izimitseni kotheratu, chifukwa loko imagwira bwino laputopu ikakhala yozima.

Nkhani ya bandulo nayo ndi yofunika, makamaka pa roaming. VM imaona intaneti yochokera ku hosi ngati ya waya wa mu ofesi, ndiye Windows ya mkatimo imaganiza kuti ndi yaulere ndipo imayamba kukoka ma update a ma GB angapo mwakachetechete. Mukhoza kugula bandulo pa Zobue, pofika pa Cuchamano yatha musanatumize ngakhale pepala limodzi. Lowani mu Windows ya m'VM, pitani pa Settings, Network & internet, Ethernet, muyatse Metered connection. Pa hosi chitaninso chimodzimodzi pa hotspot ya foni yanu. Ma update musawathawe, koma achiteni muli pa Wi-Fi ya kunyumba ulendo usanayambe. Pa makonzedwe a netiweki ya VM siyani pa NAT monga imabwerera. Imagwira pa hotspot ndi pa Wi-Fi ya ku loji popanda vuto, ndipo makompyuta a alendo ena a pa lojipo saiona VM yanu.

Walira mvula walira matope. Makompyuta awiri pa batire limodzi ndiye kuti batire limatha msanga ndipo laputopu imatentha. M'chigwa cha Zambezi, pa Tete ndi Chirundu, ngakhalenso pa Beitbridge m'mwezi wa October, kabini imakhala ngati uvuni. Musaike laputopu pa matiresi a m'kabini, mumatseka mabowo a mpweya. Ikani pa thabwa kapena pa chinthu cholimba, ndipo fani yake izipukutidwa fumbi nthawi ndi nthawi. Mathiraki akuluakulu ambiri amayendera magetsi a 24V pamene magalimoto ang'onoang'ono ndi a 12V, ndiye onani zolembedwa pa inveta musanailumikize. Potseka VM, VirtualBox imakupatsani zosankha zitatu. Save the machine state imaigoneka pomwe mwasiyira. Send the shutdown signal imaizimitsa mwaulemu. Power off the machine ili ngati kuzula pulagi pakhoma, ndipo ikhoza kuwononga fayilo ya pulogalamu yowerengera ndalama ngati inali yotsegula. Batire likamatsika, gonekani VM lisanathe lokha.

Kanthu kena kakang'ono kwa oyenda njira ya kumpoto. Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique, South Africa ndi Lubumbashi tonse tili pa nthawi imodzi, koma mukawoloka pa Kasumulu kapena Tunduma, Tanzania ili patsogolo ndi ola limodzi. Foni imasintha yokha, koma VM ikhoza kutsala pa nthawi ya kwanu. Ife timaisiya pa nthawi ya kwathu kuti mabuku asasokonekere, ndipo za nthawi ya ku doko timayang'ana pa foni.

Madalaivala ndi makalaliki olembedwa ntchito ndi makampani, nkhani yanu ndi yosiyana pang'ono. Ngati laputopu ndi ya kampani, musaikemo VM kapena kukopera zinthu za kampani popanda chilolezo, mukhoza kutaya ntchito pa chinthu chimene munachita ndi mtima wabwino. Koma ngati laputopu ndi yanu ndipo abwana akufuna kuti muikemo mapulogalamu awo, ena mwa iwo otha kuona kapena kufufuta za pa kompyuta ali kutali, afunseni ngati angalole kuti aikidwe m'VM. Akalola, kampani imalamulira thirela yokha, ndipo zithunzi za ana anu ndi kabizinesi kanu kapambali zimakhala kunja. Tsiku losiyana nawo mumafufuta foda imodzi, nkhani yatha. Makampani ena amakana, ndipo mapulogalamu ena sayaka m'VM. Akakana, apempheni laputopu yawo.

Tinenenso ichi poyera, poti tikudziwana. VM si yobisiramo mabuku achiwiri kapena ma invoisi a mitengo yonamizira. A kasitomu akakayikira mtengo ali ndi njira zawo zowerengera, ndipo chindapusa ndi kugwidwa kwa katundu zimadya phindu la maulendo ambiri. Loko imene tikunenayi ndi yotchingira akuba. Mabuku olongosoka ndi amene amatiteteza ifeyo tsiku limene afunsa kuti katundu wa miyezi yapitayo tinalipira bwanji.

Si aliyense akufunika zonsezi. Mayi wodutsa pa Mchinji ndi Mwami ndi katundu wochepa pa ndondomeko ya COMESA ya amalonda ang'onoang'ono ija ya STR, amene ofesi yake ndi foni ndi kope ya m'manja, asataye ndalama pa RAM. Ajambule malisiti ndi masamba a kopeyo, aike pa Google Drive, foni ikhale ndi loko, basi. VM ndi ya amene muli ndi pulogalamu ya pa kompyuta imene bizinesi siingayende popanda iyo, amene mumasunga mapepala a anthu ena, kapena amene laputopu imodzi imagwira ntchito masana n'kusangalatsa banja madzulo. Ndipo amene ndalama zikukulolani kugula malaputopu awiri, gulani, kulekanitsa kumeneko ndi kolimba kuposa VM. Kungoti awiri ndi olemera m'chikwama, onse amafuna magetsi, ndipo onse amabedwa tsiku limodzi ngati ali m'chikwama chimodzi.

Amene mukufuna kuyamba, musayambire pa ulendo. Sankhani sabata imene muli kunyumba. Onani RAM ndi diski, yeretsani hosi, ikani VM, samutsani ntchito pang'onopang'ono, ndipo zakale musafufute mpaka mutatulutsa ma invoisi angapo m'VM n'kuona kuti pulinta ikumvera. Kenako khomani diski, pangani makope awiri, muyese imodzi pa laputopu ina. Ngati mukuika ndi mnyamata wa m'tauni, khalani naye pomwepo, mapasiwedi mulembe nokha iye atayang'ana kumbali, ndipo akuonetseni kukopera ndi kubwezeretsa mpaka muchite ndi manja anu iye osagwira. Pa boda iye sadzakhalapo.

Amene mwakakamira penapake lembani m'munsimu mtundu wa laputopu yanu, kukula kwa RAM ndi uthenga umene ikuonetsa, tidzayankha tikapeza netiweki. Musaike pasiwedi kapena chithunzi cha pasipoti muno, m'gulu muli anthu ambiri. Amene muli pamzere pirirani, amene muli pamsewu muyende bwino, ndipo tulo tikakugwirani imani mugone.